Wagwira, Yenda Nacho

Sabata ino chakwana chaka chiwaikire m'manda aphunzitsi Mwale, ndipo palibe amene wakumbukira. Kutchalitchi sanatchule. Mwana wawo wa ku Lusaka sanaimbe foni. Ine ndakumbukira chifukwa makina anga osokera ali pakhonde loyang'anana ndi lawo, pakati pali msewu wokha, ndiye ndikangodzutsa mutu kuti ndilowetse ulusi m'singano maso amagwera pomwepo. Munthu ameneyu ndinkamuona kuposa mmene ndinkawaonera amuna anga. Musaganize kuti ndinkawakonda ayi. Anali wovuta, wouma khosi, wosadziwa kupepesa. Koma zimene zinachitika pakhonde lija chaka chawo chomaliza zimandiopsabe mpaka lero, ndiye ndati ndizinene.

Dzina lawo loyamba linali Lufeyo, koma pamsika pathu pano, mbali ya ku Mphamba, munthu mmodzi yekha ndi amene ankalitchula. Enafe tinkangoti aTicha. Anabwera kuchokera ku Chipata akadali mnyamata, sutikesi ya malata kumanja, bolodi la tchesi m'khwapa, kudzaphunzitsa masamu. Anaphunzitsa ife, anaphunzitsanso ana athu, ndipo atapuma pantchito sanabwerere kwawo. Chitumbuka ankachimva chonse, ngakhale miseche, koma kuyankhula ayi. Ukati monire, iwo ankayankha kuti ali bwino, kaya iwe. Anthu onse kuno amanditcha NyaPhiri, iwo okha ankati Naphiri, ndipo ankalitchula ngati akukonza cholakwa pa pepala la mayeso.

Tayi sankavula. Kaya kutentha kwa mwezi wa khumi, kaya ali pakhonde okha ndi nkhuku, tayi ili pakhosi. Makolala a malaya awo ndatembenuza ine mpaka panalibenso mbali yotembenuzira. M'mawa uliwonse ankapukuta zidole za tchesi ndi kampango, chimodzichimodzi, akuziyang'ana ngati ana asukulu pamzere. Msilikali mmodzi woyera anasowa kalekale, akuti anameza galu, ndiye anabwera kudzatenga kachigubu kanga ka ulusi kotha, kamtengo, kuti kalowe m'malo mwake. Sanapemphe. Anangokanyamula, nati kakapeza ntchito yaulemu kuposa imene kanali nayo.

Lamulo lawo linali limodzi, ndipo analitenga pa tchesi: chidole ukachigwira, uyenera kuyenda nacho, ngakhale waona kuti ukupita nacho kudzenje. Wagwira, yenda nacho. Kusukulu ankatiletsa labala. Yankho ukalemba walemba. Pamsika akakhudza nsomba n'kumva kuti yayamba fungo, ankagula ndithu, kenako n'kukaiponyera amphaka. Mkulu wina wa mpingo anasewera nawo tsiku lina, anayendetsa mfumukazi molakwa n'kupempha kuti abweze, akuseka monga achitira anthu. A Mwale anapinda bolodi pomwepo. Sanasewere nayenso, ndipo mkuluyo akamalalikira iwo ankatuluka kukaima panja pa mtengo wa mango mpaka amalize. Ankati munthu wobweza pa bolodi ndi yemweyo amabweza pa lumbiro.

Munthu mmodzi yekha amene anapirira nawo anali a Mapopa, mlimi wa fodya wa mudzi wa kuseri kwa dambo. Tchesi anaiphunzira ku migodi ali mnyamata. Ankabwera pa njinga dzuwa likapendeka, thalauza lomanga ndi luzi m'miyendo, n'kukuwa akadali mumsewu: "Lufeyo! Tulutsa anthu ako ndiwaphe!" Mmodzi ankatukwana m'Chinyanja, mnzake m'Chitumbuka, ndipo ankamvana bwino lomwe. A Mapopa ankakonda akavalo kuposa zidole zina zonse. Ikafika nthawi yawo yoganiza ankang'amba kachidutswa ka nyuzipepala, n'kupichira fodya pang'onopang'ono, kunyambita, kuyatsa, kenako ndiye kuyenda. A Mwale ankati fodyayo ndi njira yobera nthawi. A Mapopa ankati munthu wovala tayi pakhonde pake sayenera kukamba za misala ya ena. Zaka zinatha choncho, ine ndikusoka n'kumamvetsera.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina chakumapeto kwa dzinja, sewero lili pakati, kunachita mdima wa mvula kumbali ya kwawo kwa a Mapopa, ndipo anakumbukira kuti asiya fodya panja asanamupachike m'chigafa. Inali nthawi ya a Mwale kuyenda. A Mapopa anadumphira pa njinga n'kunena kuti, "Ganiza bwino, Lufeyo, usakhudze chilichonse. Mawa ndikubwera." Mvula inawapeza m'dambo. Chifuwa chinawagwira, ndipo sabata isanathe tinamva kulira kuchokera kuseri. A Mwale anavundikira bolodi ndi beseni lalikulu la malata, zidole zili mmene zinalili, n'kusanjikiza njerwa pamwamba. Pobwera kumaliro anakhala pampando wawo moyang'ana besenilo. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Chakudya chimene ndinkatumiza chinkabwerera mbale zili zovundikira.

Ndine ndinaimbira foni Esinati, mwana wawo wamkazi, kuti bambo ako akutha. Iye sanabwere, anatumiza katundu pa basi: laputopu yakale, sola yaing'ono ndi batire. Anati muli njira yoti adadi azisewera tchesi ndi kompyuta, asamangokhala. A Mwale anayamba akana, nati sasewera ndi chinthu chopanda nkhope. Koma anali munthu wa masamu, ndipo chinthu chosamvetseka chinkawayabwa. Sabata isanathe anandiitana kuti ndikawawerengere timalemba tating'ono, poti maso anga anazolowera singano.

Ntchito yake inalipo, abale. Ndinaphunzira kuti zinthuzo n'ziwiri: pali bolodi looneka pagalasi, ndiye pali china chosaoneka chimene chimaganiza, amati injini. A Mwale anati n'chimodzimodzi chigayo, nyumba payokha, injini payokha, ndipo popanda lamba pakati ufa sutuluka. Injiniyo anakaikopera ku boma kumene netiweki imagwira bwino, anapita pa njinga ya kabaza atakumbatira laputopu ngati mwana wodwala. Atabwera nayo anayendetsa msilikali pagalasi n'kudikira. Zii. Anadikira mpaka batire linatha. Mawa lake Esinati anakalipa pa foni kuti, "Adadi, simunaiuze pulogalamu pamene injini ili, muisakile mu foda!" Anaisaka ndi chala chimodzi, lilime lili panja, mpaka anaipeza. Pamenepo kafani ka m'kati kanayamba kupuma, fuuu, mpweya wotentha ukutuluka m'mbali, ndipo chidole chakuda chinayenda chokha. Ine ndinabwerera m'mbuyo. Iwo anaseka, koyamba chichokere kumaliro, ngakhale chinthucho chinawagonjetsa tiyi wawo asanazizire.

Akanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma anapeza malo osinthira khalidwe la injiniyo, ndipo anakhala pamenepo masiku ambiri. Anaichepetsa mphamvu kuti ifanane ndi munthu. Anaiikira nthawi yoganiza yofanana ndi imene a Mapopa ankatenga popichira fodya, ndipo poyeza nthawiyo anang'amba nyuzipepala n'kupichira masamba a mbatata, munthu wosasuta chibadwire. Anaiphunzitsa mayendedwe oyambira amene mnzawo ankakonda, akavalo patsogolo. Ankadandaula kuti ukaichepetsa mphamvu imasewera ngati chidakwa: nzeru, nzeru, kenako n'kungotaya mfumukazi popanda chifukwa. Ankati munthu amalakwa chifukwa cha dyera kapena mantha, ndipo kulakwa kwake umakudziwa ngati kayendedwe kake. Ichi chimalakwa chifukwa chalamulidwa kulakwa. Komabe anapitiriza kuchikonza, kukweza pang'ono, kutsitsa pang'ono, monga ndichitira ine ndi diresi la munthu amene palibe.

Pagalasipo panali mizere iwiri yolembapo mayina a osewera. Pamzere wam'munsi analemba Lufeyo. Kenako ndinaona chala chikupita pa M, pa A, pa P.

"ATicha," ndinatero, "dzina limenelo lagona."

"Naphiri, kasoke zako."

Muyenera kudziwa kuti kubanja la a Mapopa dzina limeneli si la munthu mmodzi. Linali la agogo awo, lisanakhale lawo. Mwini wake akamwalira, dzina limagona. Salitchula, amangoti malemu, mpaka zokolola zitalowa m'nkhokwe, pamene abale amasonkhana n'kulidzutsa pamutu pa wolowa m'malo, amene amatenganso minda ndi udindo wosunga ana amasiye. Wolowa m'malo anali atadziwika kale, Yotamu, mwana wawo woyamba. Akuluakulu a kumeneko amati ukaitana dzina lisanadzutsidwe ukuitana mwini wake wakale, ndipo wakufa akaitanidwa amabwera, koma pobwerera sapita yekha. A Mwale anakhala kuno zaka zonsezo. Mwambowu ankaudziwa bwino kuposa ine.

Tsiku lomwelo anachotsa njerwa ndi beseni. Anakopera sewero losatha lija kuchoka pa bolodi lamtengo kupita pagalasi, chidole ndi chidole, mpaka kachigubu kanga ka ulusi kanapeza malo ake. Kuyambira pamenepo, dzuwa likangopendeka, msika wonse unkamva mawu awo a m'kalasi aja: "Mapopa! Yenda, iwe! Wagona?" Ndipo kafani kankapuma, fuuu, ngati munthu wa chifuwa. Azimayi a kuseri kwa dambo amene amabwera ndi tomato ankaika madengu pansi n'kuyang'anana.

Musaganize kuti anthu a kuno ndi mbuli. Anyamata amasewera mpira ndi drafuti pa mafoni awo tsiku lonse, amadziwa kuti m'kompyuta mulibe mzimu. Poyamba palibe amene ankanena za ufiti. Nkhani inali dzina basi. Anabwera a Chakufwa, mng'ono wa malemu, ndi akulu anzawo, zipewa m'manja, n'kukhala pansi pa masitepe mwaulemu wonse.

"Adada aTicha, tikukhumba zina lithu," anatero a Chakufwa. Kenako anabwereza m'Chinyanja kuti pasakhale chonamizira. "Tabwerera dzina lathu. Sewerani ndi makina anu, palibe akuletsani. Alembeni dzina lina lililonse. Koma ili tipatseni ligone, tidzalidzutse bwino."

"Tili pakati pa sewero," anayankha a Mwale. "Anandiuza yekha kuti ndisakhudze kanthu. Likatha ndidzakubwezerani."

"Litha liti?"

"Tchesi si therere loti lipsa mukuyang'ana."

Akuluwo ananyamuka osatsanzika. Chimanga chinalowa m'nkhokwe, fodya anagulitsidwa, mwambo unaimitsidwa kudikira sewero. Nyengo yozizira inadutsa, sewero osatha. Ndiyeno mwendo wa Yotamu unayamba kutupa. Unayambira pa kachilonda ka chitsa cha m'munda, unakwera mpaka pa bondo, wakuda bii, wonyezimira. Kuchipatala anamupatsa mankhwala, kutupako kunkatsika pang'ono n'kukweranso. Apa ndiye mawu anasintha. Anthu anayamba kunena kuti malemu akuitanidwa tsiku ndi tsiku, afika, ndipo agwira mwana wawo mwendo kuti apite naye.

Azimayi anasiya kuwagulitsa a Mwale ndiwo. Anthu odutsa ankawolokera mbali yanga ya msewu. M'mawa wina tinapeza waya wa sola wadulidwa ndi chikwanje. Iwo anabwera kudzatenga sizasi yanga ndi tepi, osapempha monga mwa masiku onse, n'kulumikiza. M'mawa wina pamasitepe awo panali mzere wa phulusa kuyambira uku mpaka uko. Anauyang'ana, anakonza tayi, n'kuudumpha. Ngakhale makasitomala anga anayamba kukana kukhala pa benchi loyang'ana kumeneko. Ine ndinkakumbukira nkhalamba ina ya ku Chikomeni imene inathamangitsidwa nyumba ikuyaka kumbuyo, pa nkhani yaing'ono kuposa imeneyi.

Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti masewero awo ndi a Mapopa sankagona kawiri. Nanga ili lavuta pati? Ndinadziwa tsiku limene ndinawoloka kukapereka malaya. Sanandimve ndikukwera masitepe, ndiye ndinaima kumbuyo kwawo. M'mbali mwa bolodi la pagalasi munali kamzere koimirira, koyera pansi, kakuda pamwamba, kosonyeza amene zikumuyendera. A Mwale anayendetsa chidole chawo choyera. Dzina la Mapopa linawala, kafani kanapuma, ndipo kavalo wakuda anadumpha n'kutera pafupi ndi mfumu yawo. Kamzere kaja kanada bii kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndiye ndinaona chala chawo chikupita pa kabatani kokhala ndi muvi wokhotera kumbuyo. Anadina. Kavalo anabwerera kumene anachokera. Anadinanso, chidole chawo chinabwerera. Anayesa china. Kavalo yemweyo anadumphanso. Anabwezanso.

Phulusa lija silinandiopse ngati mmene chinandiopsera chala chimenecho.

"ATicha! Inu? Inu kubweza?"

Sanatembenuke. Anati anayesa kuichepetsa mphamvu mpaka pansi penipeni, pamene imasewera ngati mwana, koma kavalo ameneyu imamuonabe. Anati njira zonse anaziyesa, ndipo zonse zimathera pamodzi. Ndinawafunsa kuti nanga bwanji osangovomera, mwana wa eni akuwola mwendo, anyamata akunola zikwanje. Analoza mzere wam'munsi, pamene dzina lakuti Lufeyo linali kuwala kusonyeza kuti ndi nthawi yawo.

"Akundidikira, Naphiri," anatero. "Likatha, andidikira ndani?"

Ndinaika malaya pampando n'kutsika. Ndikuwoloka msewu ndinkaganiza za Paulo. Ambiri pamsika pano sadziwa n'komwe kuti a Mwale anali ndi mwana wamwamuna. Paulo anasiya koleji ya uphunzitsi chaka chomaliza n'kuyamba kuyendetsa malole. Tsiku limene anabwera kudzawauza, ine ndinali mtsikana wongoyamba kusoka, ndinamva zonse. Bambo ake anaimirira pakhonde lomwelo n'kunena kuti asadzapondenso pamenepo iwo ali moyo. Mawa lake mkwiyo unali utaphwa, aliyense ankaona. Mayi ake a Paulo anagwada pansi kuwapempha kuti atume munthu akamubweze pa siteji basi isananyamuke. Iwo anati madzi akatayika saoleka, mawu anawagwira ndipo ayenda nawo. Mayiwo anamwalira akuyang'ana kumsewu. Ndiye munthu ameneyu, amene anakana kubweza mawu amodzi kuti apulumutse mwana wake, ndi amene ndinamupeza akubweza chidole chamtengo miyezi yathunthu.

Zinafika pachimake mwezi wa khumi, mitambo itayamba kusonkhana. Mvula ikanagwa dzina lisanadzutsidwe, minda ya malemu ikanagona chaka chonse yopanda mwini. Tsiku limenelo, dzuwa lili paliwombo, ngolo ya ng'ombe inadutsa pamsika itanyamula Yotamu kupita naye kuchipatala, akubuula, mwendo atauphimba ndi chitenje. Anyamata a kumudzi kwawo amene anaperekeza ngoloyo sanapitirire nayo. Anaima mumsewu pakati pa khonde langa ndi la a Mwale, ena ndi mipini, wina ndi kachigubu ka petulo. Sankakuwa ayi, ndipo kusakuwako n'kumene kunandiopsa. Ogulitsa anayamba kulongedza. Mmodzi wa anyamatawo anati, "Mudala, tulukani, bweletsani cinthu canuco." A Mwale anali kale panja, pampando wawo, tayi ili pakhosi, laputopu ili patebulo pambali pa bolodi. Anangoyang'ana dzuwa n'kunena kuti nthawi ya sewero sinakwane.

Amene anang'amba gululo pakati anali a NyaMtonga, mkazi wa malemu, kamunthu kakang'ono, duku lakuda la maliro likadali kumutu. Chiikire amuna awo anali asanapondepo pamsika. Anadutsa pakati pa mipini ngati akudutsa m'chimanga, anakwera masitepe, n'kukhala pampando wa a Mapopa, umene palibe amene anali ataukhalira chichokere mwini wake.

"Monire, adada."

A Mwale anatsegula pakamwa, ndipo ndinamva ndi makutu angawa akuyankha m'Chitumbuka, "Yewo, amama."

"Ndabwera ndi uthenga. Ndinausunga chifukwa wamaliro sayendayenda, koma mwana wanga wapita pa ngolo. Amuna anga asanatseke maso anati, ukamuuze Lufeyo kuti asavutike kuganiza, kavalo wanga akudumphira pafupi ndi mfumu yake, ndipo watha. Anaseka mpaka kutsokomola. Ine za akavalo sindizidziwa. Sewerani, ndiwayendetsera ndine. NyaPhiri, bwera undilozere."

Ndinawoloka. A Mwale anakhala nthawi yaitali akuyang'ana bolodi lamtengo. Kenako anagwira chidole, anayenda nacho, n'kuchita chimodzimodzi pagalasi. Dzina la pamwamba linawala. Kafani kanayamba kupuma, ndipo mumsewu munali zii moti aliyense anakamva. Kanapuma nthawi yonse yopichira fodya. Ndiye kavalo wakuda anadumpha. Ndinalozera a NyaMtonga, ananyamula kavalo wamtengo ndi zala ziwiri ngati akutola dzira, n'kumuika pafupi ndi mfumu yoyera.

Ndinaona dzanja la a Mwale likunyamuka lokha, likupita ku kabatani kaja. A NyaMtonga sankadziwa ntchito yake, koma analiona dzanjalo.

"Kunyumba amuna anga ankakutamani," anatero mofatsa. "Ankati m'Lundazi monse muno muli munthu mmodzi yekha amene sabweza."

Dzanja lija linaima m'malere. Kenako linabwerera pa bondo. Anayendanso pang'ono, mfumu ikuthawira pakona, a NyaMtonga akuitsata ndi zidole zimene ndinkawalozera, mpaka inasowa kolowera. A Mwale anaigoneka chammbali ndi chala chimodzi. "Wandipha, Mapopa," anatero, osati mokuwa monga masiku onse. Atatero anapita pamzere wam'mwamba n'kuyamba kufufuta, chilembo chimodzichimodzi kuchokera kumapeto, mpaka panatsala poyera. Anatembenuza laputopu kuti a mumsewu aone. A NyaMtonga anaimirira, anawomba m'manja mwaulemu, n'kuuza anyamata m'Chitumbuka kuti amene ali ndi mphamvu zambiri akathandize kukankha ngolo. Wa petulo uja anatsalira pang'ono, kenako naye anatsatira anzake.

Mwendo wa Yotamu unaphwa. Ena amati ndi jakisoni amene anamubaya atagonekedwa, ena amati ndi dzina. Ine ndimasoka zovala. Mwambo unachitika mvula isanagwe, ndipo a Mwale anapitako, anaima kumbuyo kwenikweni. Atamudzutsira dzina Yotamu, iwo anakhala pamzere wa opereka moni, anamugwira dzanja n'kumutchula kuti Mapopa. Mwanayo anayankha mwaulemu, "Yewo, aTicha." A Mwale anaimabe pang'ono atagwira dzanjalo, ngati pali mawu ena otsala, mpaka wa kumbuyo anawakhudza paphewa.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti sabata yomweyo anabwera pakhonde langa n'kupempha. Kupempha ndithu, koyamba m'moyo wanga. Anati ndiwaimbire Esinati pa foni yanga, poti mawu amenewa sangathe kuwanena okha: akamuuze Paulo kuti mawu aja abweza, abwere. Ndinaimba iwo ali chiimire pomwepo. Tinadikira mpaka chimanga chinafika m'mawondo. Yankho linadzera kwa Esinati yemweyo, akulira pa foni. Paulo anati awauze adadi kuti anamuphunzitsa okha, ndipo phunzirolo analimva bwino. Nditawafotokozera anagwedeza mutu ngati mwana wapeza samu yovuta, n'kunena kuti wayankha molondola. Mvula isanathe anagona pampando wawo masana, ndipo nkhuku ndi zimene zinandidziwitsa, zitakwera patebulo popanda wozipirikitsa. Paulo kumaliro sanabwere. A NyaMtonga anabwera, anakhala pafupi ndi bokosi mpaka mapeto.

Esinati anatenga bolodi ndi zidole, laputopu anandisiyira ine. Anati, "Anti, mufufute vonse, bazukulu banu bazisewenzesa ku sukulu." Atapita ndinaitsegula. Zidole zinali zitaimikidwa mwatsopano, palibe chimene chinayenda. Mzere wam'mwamba unali wopanda kanthu. Wam'munsi unkawala: Lufeyo. Ndinaitseka n'kuikulunga m'nsalu, ndipo ili pansi pa bedi mpaka lero. Dzina la a Mapopa linabweretsa akuluakulu ndi zipewa m'manja, linabweretsa mipini ndi petulo, linatulutsa mkazi wamasiye m'nyumba ya maliro. Ili la Lufeyo palibe amene wabwera kudzalifunsa. Ndimati mwina tsiku lina lole idzaima pamsika, ndiye sindifufuta.

Nyumba ija ndi yokhoma, wolowamo sanapezeke. Anthu akamva mbiri yake amakafuna kwina. Mipando iwiri ikadali pakhonde, wina wathyoka mwendo, ndipo masana mbuzi zimagona pansi pa tebulo. Waya wa sola akulendewera kuchokera padenga, tepi yanga ikadali pamene anamulumikiza. Beseni lija lili pakona chafufumimba, lachita dzimbiri, njerwa ili pambali pake. Odutsa amawolokerabe mbali yanga, ngakhale ana amene sadziwa chifukwa chake. Dzuwa likapendeka mthunzi wa nsanamira umagwera pakati pa mipando iwiriyo, ndipo ine ndimapeza kuti phazi langa laima pa makina, ndikumvetsera. Esinati polongedza zidole anasiya kachigubu ka ulusi pawindo, poganiza kuti n'chinyalala. Ndimakaona tsiku lililonse ndili pano. N'kanga ndithu, koma sindinawoloke kukakatenga, chifukwa ndikakagwira ndiyenera kuyenda nako.